Nangula Sindinamuponye

Anandilanda pasipoti tsiku lomwe ndinafika. Ndinali ndisanamwe ngakhale madzi. Mwini maboti anaitsegula, anayang'ana chithunzi, anayang'ana ine, kenaka anaiponya m'dilowa n'kukhoma. Anati aziisunga yekha kuti azikandidinditsira chilolezo, poti ine maofesi a kumeneko sindikuwadziwa. Ndinathokoza. Kwathu anatilera choncho, munthu akakuponda phazi umati yewo.

Ndine wa ku Mlowe, m'mphepete mwa nyanja ku Rumphi. Sukulu ndinasiyira Fomu 3. Ankandilipirira ndi asibweni, alongo awo a amama, mphunzitsi ku Nchenachena, ndipo tambala iliyonse inkabwera ndi ulaliki wake. Tsiku lina ndinatopa. Ndinawauza kuti mwana wawo wa satifiketi akugulitsa mayunitsi ku Mzuzu, ndiye sukuluyo ndi yachani. M'mawa mwake chikwama changa chinali pakhonde.

Ndinatsikira kwa amama, kukatembenuza usipa pathandala ndi kuthamangira magalimoto pa M1. Dalaivala wina wa thanki ya mafuta, kasitomala wa amama, ndiye anandiuza za zilumba za ku Tanzania. Anati kumeneko amafuna Amalawi chifukwa timalankhula Chizungu ndipo sitidandaula. Amama anagulitsa bwato limene adada anasiya, ndinapangitsa pasipoti, ndinakwera kutsogolo kwa thankiyo. Ponyamuka amama sanalire. Anangoti, "Ukaone madzi a eni, si ako." Ndinaseka. Ine ndinayamba kupalasa ndisanayambe Sitandade 1.

Ntchito inali pa boti lalikulu la zipinda zinayi. Linkanyamula azungu obwera kutchuthi, kuwazunguza chilumba ndi chilumba kwa masiku khumi. Pano asambira, apo adya nkhanu, uko ajambula nyumba zakale. Ine ndinali wotsuka zimbudzi, woyala mabedi, wonyamula mathawulo, womasulira akafuna kudandaula kuti mowa sunazizire. Ndinkagona kutsogolo kwenikweni, m'kachipinda ka zingwe, miyendo yopinda.

Chimene chinkandidya si ntchito. Ndi maboti a boma. Likangooneka lina patali, woyendetsa boti lathu, Mzee Kombo, ankangoti, "Malawi, pansi!" Ndinkathamangira ku injini n'kubisala kuseri kwa mathanki, kutentha ngati uvuni, kumvetsera nsapato pamwamba panga. Nthawi zina ankangodutsa. Nthawi zina ankakwera n'kumwa tiyi. Ndikatuluka ndinkayenera kukaperekera madzi a zipatso ndikumwetulira. Ndinafunsapo kuti ngati bwana akudinditsa chilolezo changa, ndikubisaliranji? Mzee Kombo anati mafunso ndi a ku ofesi.

Munthu wanga anali mmodzi, a Twaibu, wophika, wa ku Nkhotakota. Ankanditchula Mtumbuka, ine ndinkati madala.

"Mtumbuka, wasenda anyezi kapena ukumuwerengera Baibulo?"

"Madala, mpeni wanuwu ndi wobuntha ngati inu nomwe."

"Pakamwa apo ndi pamene panakuchotsa sukulu."

Ankandisungira mutu wa nsomba alendo akatha kudya. Ndiwonso anandionetsa potumizira ndalama pafoni. Miyezi itatu yoyamba ndinalandira m'manja n'kutumiza pafupifupi zonse kwa amama. Wachinayi bwana anati azitisungira mpaka nyengo ya alendo itatha, tingawononge ndi akazi a padoko. Ndinapsa mtima. A Twaibu anangopitiriza kukanda ufa wa chapati.

"Pasipoti yanga ili m'dilowa momwemo," anatero. "Chaka chachisanu ndi chiwiri."

"Ndiye mwangokhala?"

"Ndipite kuti? Ndisambire?"

Za nyanja ya kumeneko ndiyenera kunena, chifukwa ndi imene inandigwetsa. Yathu imakhala pamene waisiya. Imakwera ndi mvula, pang'onopang'ono, miyezi. Ukakokera mphuno ya bwato pamchenga Lolemba, Lachisanu ukalipeza pomwepo. Ya kumeneko imachoka n'kubwera kawiri pa tsiku. M'mawa pali mchenga woyenda ndi njinga, masana pomwepo munthu wamtali amira. Zimenezi ndinkaziona tsiku lililonse. Mutu unkadziwa. Koma kaboti kakang'ono ka injini kotsitsira alendo kumtunda sindinkakagwira, kanali ka mnzathu wina, Juma.

Amama anaimba foni kuti mlongo wanga Tiwonge akukwatiwa, ndipo mwamuna wa pakhomo ndine. Ndinapita ku ofesi. Bwana anandisiya chilili mpaka anamaliza kudya. Kenaka anati watsala ulendo umodzi, wotsekera, chifukwa chilimwe cha azungu kwawo chikutha ndipo onse akubwerera kuntchito. Ukatha ulendowo popanda dandaulo, andipatsa pasipoti ndi zonse zimene anasunga.

"Popanda dandaulo," anabwereza.

Juma anayambana ndi bwana n'kuchoka kutatsala tsiku limodzi. Mzee Kombo anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndimadziwa boti. Ndinati ndinabadwira m'bwato.

Masiku asanu ndi awiri ndinayenda ngati wanyamula mazira. Kapu ikagwa m'khitchini mtima unkadumpha. Mlendo akakwinya nkhope ndinkayamba kupepesa ndisanamve cholakwa. Ndinkatsitsa anthu ndi kaboti pa madoko a matabwa, kumanga chingwe, kubwerera. Panalibe chovuta. Ndinayamba kuwerenga masiku ndi zala, ndipo m'maganizo ndinali nditagula kale nsalu ya amama.

Tsiku lachisanu ndi chitatu, banja lina linafuna kudyera nkhomaliro pa mulu wa mchenga umene umatuluka pakati pa nyanja madzi akaphwera. Anali atatu: bambo wokalamba, mkazi wake woyenda ndi ndodo chifukwa anachitidwa opaleshoni ya m'chiuno, ndi mwana wawo wamkazi, wamkulu kuposa ine. Alendo enawo ankafuna kukamira ndi mabotolo a mpweya kuseri kwa chilumba, kutali. Mzee Kombo anati boti lalikulu lipita kumeneko, ine nditenge atatuwo pa kaboti. Ikakwana 2 koloko ndinyamuke, ndikawapeze.

A Twaibu ankandipatsira katundu: mbaula, nsomba, bokosi la ayezi, maambulera awiri.

"Ukafika uponye nangula, wamva?"

"Madala, inu phikani. Za madzi musiyire eni ake."

"Mtumbuka."

"Ndamva!"

Sindinamve. Tinafika cha m'ma 11, mchenga uli mbee, wautali ngati mabwalo awiri a mpira, pakati pali kamtunda. Ndinadumpha, ndinagwira mphuno ya kaboti n'kukakokera pamchenga mpaka gawo lalikulu linatuluka m'madzi. Ndinakagwedeza, kanali nji. Manja anga anachita zimene akhala akuchita chibadwire. Nangula anali pansi pa mpando, chingwe chokulungidwa bwinobwino. Wayilesi yolankhulirana ndi boti lalikulu, majekete oyandamitsa, foni yanga, zonse ndinazisiya momwemo kuti zisalowe mchenga.

Mtsikana uja anafuna kuti tikhale mbali inayo, kuseri kwa kamtunda, kuti pazithunzi pasaoneke injini. Ndinanyamula zonse. Ndinazika maambulera, ndinayala nsalu yofiira, ndinakoleza makala, ndinasenda chinanazi. Bambo uja anandipatsa kamera kuti ndiwajambule atakumbatirana. Anati ulendowu ndi wokondwerera kuti mkazi wake wayambanso kuyenda. Mtsikanayo anandifunsa kwathu. Nditanena anati sakudziwa kuti ndi kuti, koma ndili ndi mwayi kugwira ntchito m'paradizo. Ndinati inde, madamu.

Cha m'ma 1 koloko ndinakwera kamtunda kukatenga madzi akumwa amene ndinaiwala. Pamene ndinasiya kaboti panali madzi okhaokha. Kaboti kanali uko, kakuvina pamafunde, mphuno italoza kunyanja yaikulu.

Ndinalowa m'madzi ndi malaya omwe. Kusambira ndimatha, funsani aliyense ku Mlowe. Koma madzi aja ankayenda ngati mtsinje, kundikokera chammbali, ndipo mphepo inkakankha kaboti mofulumira kuposa mikono yanga. Ndikadzutsa mutu kanali katachepa. Mchere unandilowa m'maso ndi pakhosi. Nditacheuka, anthu atatu aja anali ngati timitengo ta machesi. Ndinadziwa kuti ndikapitirira sindikapeza, ndipo sindibwereranso. Ndinatembenuka. Ndinafika pamchenga chokwawa, ndikusanza madzi.

"Boti lili kuti?" anafunsa bambo uja.

Ndinanama. Ndinati lalikulu likubwera kudzatitenga. Anandiyang'ana, anayang'ana wotchi yake, kenaka anayang'ana pamene madzi anafika. Sanali wopusa.

"Mchenga uno umamira wonse?"

"Inde, bwana."

"Mpaka pati?"

Ndinakweza dzanja pamwamba pa mutu wanga. Mtsikana uja anayamba kunditukwana. Zina ndinkamva, zina zinali za chinenero chawo. Mayi wokalambayo anangofunsa mwamuna wake kuti amupatse chipewa.

Tinasamutsa katundu katatu, kukwera kamtunda. Nyanja ya kumeneko sibwera ndi phokoso. Imangonyambita, kubwerera pang'ono, kunyambitanso patsogolo pake. Ndinazika kamtengo ka ayisikilimu m'mphepete kuti ndione liwiro lake. Ndisanamalize kumanga nsalu yofiira ku mtengo wa ambulera, kamtengoko kanali katamira. Chilumba chinkaoneka ngati mzere wa pensulo. Boti lalikulu silikanayamba kutifuna isanakwane 3 koloko, ndipo kuchokera kuseri kuja ndi ulendo wa ola lathunthu.

Ndinena zoona, chifukwa palibe wondilipira kuti ndiname. Nthawi imeneyo sindinkaganiza za mayi uja. Ndinkaganiza za dilowa ija. Ndinkaona bwana akutembenuza kiyi. Ndinkaona Tiwonge akulowa m'tchalitchi, pamalo panga patakhala wina. Kenaka ndinkaganiza kuti mzungu akafera m'manja mwanga, ine wopanda pepala lililonse, adzanditsekera kumene amama sadzamva n'komwe.

Ndinaunjika mathawulo onyowa pa mbaula kuti pafuke utsi. Ndinaponyapo mbale za pulasitiki, matumba, nsapato zanga. Utsi wakuda unakwera n'kugonekedwa ndi mphepo. Bambo uja ananyamula mbaulayo m'mwamba ndi thawulo madzi atafika m'akakolo, mpaka mikono inalema. Funde litaimenya inangoti tswii, basi.

Madzi anafika m'mawondo. Ndinakhuthula bokosi la ayezi, ndinalitseka, ndinauza mayi uja alikumbatire, ndipo ndinamumangirira nalo ndi chingwe cha ambulera m'khwapa. Ndodo yake inapita. Ndinaima kumbuyo kwake, dzanja limodzi m'chiuno mwake, lina likugwedeza mtengo wa nsalu yofiira. Mchenga unkathawa pansi pa mapazi, umati waponda polimba, funde likadutsa uli m'dzenje. Mtsikana uja anasiya kutukwana, anagwira bambo ake. Mayiyo anayamba kung'ung'udza kanyimbo. Mawu sindinawamve, koma kayimbidwe kake ndinakadziwa, tinkaimba ku Nchenachena Lamulungu m'mawa. Zinandikwiyitsa. Sindikudziwa chifukwa chake.

"Usandisiye," anatero, osacheuka.

"Sindikusiyani, agogo."

Madzi anali m'chifuwa mwanga pamene bambo uja anakuwa. Kunali thanga la bwato, laling'ono, lachigamba. Linkaoneka ngati likupita kwina. Ndinagwedeza nsalu mpaka phewa linachita dzanzi. Kenaka thangalo linatembenuka.

Anali asodzi atatu pa bwato la matabwa. Anati anaona utsi n'kuganiza kuti boti lapsa. Tinakweza mayi uja ngati thumba la chimanga, analira ndi ululu wa m'chiuno. Ine ndinakwera pomaliza. Wamkulu wa asodziwo anandifunsa m'Chiswahili ngati chingwe cha nangula chinaduka. Ndinati ayi. Anafunsa ngati nangula anakoka pamchenga. Ndinati sindinamuponye. Anayang'ana anzake.

"Wa kumapiri uyu," anatero. "Sanaonepo madzi."

Onse anaseka. Ine, mwana wa msodzi. Ndinakhala pa nsomba zawo.

Tinakumana ndi boti lalikulu likubwera mothamanga. Mzee Kombo sanandimenye, bola akanatero. Anangoti, "Ndinakufunsa." A Twaibu anandikokera m'khitchini, anandipatsa tiyi wa shuga wambiri.

"Nenani, madala. Nenani kuti munandiuza."

"Imwa tiyi."

"Nenani!"

"Chaka changa choyamba ndinayanika maukonde a munthu pamchenga," anatero. "Ndinakagona, madzi anabwera n'kuwatenga. Imwa tiyi, Mtumbuka."

Panatsala masiku awiri, ndipo ndinagwirabe ntchito. Ndinayala bedi la anthu omwewo, ndinawathirira khofi. Mtsikana uja sankandiyang'ana, ankangolemba pafoni. Potsika padoko mayi wokalambayo anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri, nthawi yaitali. Ndinati ayende bwino.

Ku ofesi bwana anali atalemba kale pepala. Linkati ndataya kaboti ndi injini mwa kusasamala, ndipo malipiro anga onse osungidwa alowa m'malo mwake. Anati ndikasaina anditsegulira dilowa. Ndikakana, aitana apolisi, ndikafotokoze ndekha chimene ndikuchita m'dziko la eni. Ndinafunsa mtengo wa injini yakale ngati ija. Anatenga foni n'kuyamba kudina manambala. Ndinasaina.

Pasipoti ndinaitsegulira panja. Munali chidindo chimodzi chokha, cha tsiku limene ndinalowa. Miyezi yonse ija sanapite nayo kulikonse.

A Twaibu ndiwo anandipatsa ya basi, anaitulutsa m'chitini cha majani a tiyi. Ndinawauza kuti tiyeni limodzi. Anati ku Nkhotakota akanena chiyani, kuti anali kuti zaka zonsezi? Anandipatsa chapati zisanu m'nyuzipepala n'kubwerera ku mapoto awo.

Ulendo wobwerera sindikufuna kuukumbuka. Pa rodibuloko iliyonse ndinkadziyesa wogona, thukuta likutsika m'msana. Pa Songwe sindinayerekeze kudutsa pa mlatho ndi chidindo chakutha. Ndinawoloka kumunsi, pa bwato la anthu ozembetsa shuga, pasipoti ili m'kabudula wamkati. Bwato la adada linapita chifukwa cha kabuku kameneko, ndipo ndinalowa m'dziko langa ngati mbava.

Ukwati ndinaupeza utapita. Tiwonge anali kale ku Hewe, kwa mlimi wa fodya amene sindinamuonepo. Thandala la amama linali litagwa, anati miyezi imene ndinasiya kutumiza analibe mpamba wogulira usipa, ndiye anayamba kuyanika wa anthu ena. Sanandifunse kanthu. Anayang'ana kachikwama kanga kamodzi, anati, "Wafika, yewo chomene," n'kupita kukatenthetsa madzi. Kusafunsako kunandipweteka kuposa kutukwana kwa mtsikana uja.

Patapita masabata atatu a Twaibu anaimba pa foni ya amama. Anati kaboti kaja asodzi anakapeza katakodwa pa miyala, patangopita masiku awiri, ine ndisanasaine n'komwe. Bwana anawapatsa kangachepe. Injini anangoitsuka, ikugwira ntchito. Akuyendetsa ndi Mmalawi wina watsopano, wa ku Karonga.

"Mwamuuza za nangula?"

"Ndamuuza. Wati anabadwira m'bwato."

Asibweni anatsika kuchokera ku Nchenachena atamva kuti ndabwera. Ndinakonzeka kumva ulaliki, mayankho ndinali nawo kale pamlomo. Koma munthu amene anatsika pa kabaza anali wina. Anapuma ntchito, shuga anawadya, jekete linkalendewera m'mapewa. Anakhala pa mpando wa amama n'kumvetsera zonse osandidula. Nditafika pa za nangula anatseka maso.

"Ndiye kaboti kanapezeka?"

"Kanapezeka."

"Ndiye pepala lija ndi lopanda mphamvu. Tilemba kalata. Chizungu chenicheni, aone kuti kuno kuli anthu."

"Asibweni, munthu uja sawerenga makalata."

"Iwe, bweretsa tebulo."

Anatulutsa bolopeni m'thumba la jekete ndi pepala la m'kope. Zilembo zinali zomwe zija za pa bolodi. Analemba adiresi, analemba moni, analemba ndime ziwiri. Kenaka anaima n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Tilembe ndalama zingati?"

Kalatayo tinatumiza, ndipo ina tinaijambula n'kutumiza pafoni. Mvula yagwa kawiri chitumizireni. Foni ya a Twaibu inasiya kulowa. Asibweni amafunsabe ku positi akapita ku boma, ine ndinawauza kuti asamadzivute. Zimene ndinawayankha tsiku lija sizinasinthe: miyezi isanu ndi itatu, madola 80 pa mwezi. Madola 640.